Thumba la Malaya Abuluu

Majumbo ndinatopa nawo kalekale. Benchi yanga ya tomato ili m'mphepete mwa ngalande, ndipo mvula ikangogwa majumbo amatseka njira ya madzi, madzi akudawo n'kubwera kudzandipatsa moni kumapazi. Choncho bambo akunyumba atamwalira, ndinatenga malaya awo asanu ndi atatu n'kupita nawo kwa alamu anga, amene ndi telala.

"Mundisokere matumba," ndinatero. "Wogula azitengeramo tomato, mawa lake azibweza."

Alamu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Mlamu, anthu oti ngakhale moni sabweza, ndiye abweze thumba?"

Sananame. Mwezi usanathe, matumba asanu ndi awiri anali atapita ulendo wosabwerera. Ukamufunsa munthu amvekere, "Ndaiwala mayi, ndibweretsa mawa." Mawa lakelo mpaka lero silinafike.

Linatsala limodzi, la malaya abuluu amene bambo ankavala popita kuntchito. Alamu posoka anasiya kathumba ka pachifuwa osakadula, ndipo pakathumbapo panali padakali banga la inki ya cholembera chawo. Limeneli sindinkabwereketsa munthu. Ndinkalipachika pamsomali wa benchi, ndikatopa n'kumangoliyang'ana.

Tsiku lina ndinapita kukatunga madzi otsukira tomato, benchi n'kumusiyira mnzanga wogulitsa anyezi. Pobwerera ndinapeza msomali uli wokha.

"Kunabwera amayi ena, agula tomato wambiri," anatero mnzangayo monyadira. "Ndawapatsa thumba lija. Si mmene mumachitira? Ndawauza kuti abweze."

Sindinamukalipire, chifukwa anachita zimene ndinamuphunzitsa ndekha. Nkhope ya amayiwo sanaikumbuke, anangoti anali ndi ambulera. Kwa milungu itatu ndinkayang'ana m'manja mwa mayi aliyense wodutsa, mpaka ena anayamba kufumbata zikwama zawo akamandiyandikira.

Kenako kunagwa mvula ya tsiku lonse, ngalande n'kusefukira. M'mawa mwake bambo woyeretsa ngalande anafika ndi chitsulo chake chokolera, n'kuyamba kuvuula majumbo ndi kuwaunjika pafupi ndi benchi yanga monga mwa masiku onse. Pamulu umenewo ndinaona nsalu yabuluu. Wina anali atamangamo makoko a mazira ndi matewera a mwana, n'kuponya m'ngalande.

"Zisiyeni izo mayi, n'zonyansa," anatero bamboyo. Ine ndinangokhuthula zonyansazo n'kutenga thumba langa lija.

Kunyumba ndinaliviika m'mankhwala oyeretsera zovala, n'kulichapa katatu mpaka zala kutupa. Matope anachoka, fungo nalo linatha. Nditalitambasula pachingwe ndinayang'ana pakathumba ka pachifuwa paja. Panali poyera bwinobwino. Inki ya bambo, imene inapirira milungu itatu m'manja mwa eni ndi tsiku lonse m'ngalande, ndinali nditaichotsa ndine ndi manja anga.