Mkazi wa Miuni

Bambo anga amakonza mawotchi, ndipo munthu wa mawotchi safuna kumva mawu oti "mwina". Ine ndimamasulira malemba oyera a Chiheberi, ntchito imene "mwina" timadzuka naye ndi kuweruka naye.

Sabata imeneyo tinakakamira pa mawu awiri onena za mayi wina woweruza milandu: eshet lapidot. Loyambalo ndi "mkazi", wokwatiwa ndi wosakwatiwa yemwe, ngati m'Chichewa. Lachiwirilo ndiye linandizunguza mutu. Likhoza kukhala dzina la mwamuna wake, likhozanso kungotanthauza miuni, ndipo Chiheberi chilibe zilembo zazikulu zoti zikutsine khutu. Mkazi wa uje, kapena mkazi wamoto? Tanthauzo limodzi lilowe m'vesi, linalo litsikire m'munsi mwa tsamba, m'tizilembo tosawerengedwa tija. Anzanga omasulira nawo anandisiyira ine kusankha.

Vuto linali bambo. Malemu mayi anga anaweruza milandu kukhoti zaka makumi awiri, bambo akutiphikira ndi kutichapira, anzawo akuwaseka kuti iwo ndiye anakwatiwa. Ankawayankha ndi vesi lomweli: "Nayenso uja anali ndi mwamuna, mpaka analembedwa dzina."

Ndinawapeza pa tebulo lawo, kagalasi kali m'diso, tizomangira tili m'chivindikiro cha botolo. Ndinawafotokozera za mawu awiri aja.

"Ndiye mwamunayo analipo kapena ayi?" anandifunsa.

"Sitikudziwa, ababa. Satchulidwanso pena paliponse."

"Sanalankhulepo? Olo kutsokomola?"

"Olo."

Anavula kagalasi. Ndinkayembekezera mkwiyo, koma anandikankhira chikutu cha mabatire kuti ndiwalemberepo mawuwo. Anawayang'ana chozondotsa, ine ndikuwatembenuzira. Anafunsa chilembo chilichonse dzina lake, ndi chifukwa chimene anthuwa amalembera chobwerera m'mbuyo.

"Iwe wekha ukuona kuti ndi chiyani?"

"Miuni," ndinatero, ndipo ndinawamvera chisoni. "Koma ndikhoza kusiya dzina lija m'vesi. Palibe angandidzudzule."

"Chifukwa cha ine?"



Anazunguza kasikuludiraiva pa zala.

"Amayi ako akalowa m'khoti, ngakhale apolisi ankakonza makolala. Panalibe ankafunsa kuti ndi mkazi wa ndani." Anabwezera kagalasi m'diso. "Lemba miuni, mwana wanga. Mnzangayo umuike m'munsimo, koma usamufufute. Ine ndimawerenga tizilembo ting'onoting'ono."