Masikelo a ku Khwethemule

Lachiwiri pa 12 Malichi 2024, a Reinford, woyeza masikelo wa boma, anafika pa shedi yogulira tiyi ku Khwethemule atakweza mlendo pa njinga yamoto. Mlendoyo anali mayi Chawanangwa ochokera ku likulu. Anatumidwa kudzaona ngati ofesi ya a Reinford inali yoyenera kukhalapobe kapena itsekedwe.

Ntchito ya a Reinford inali imodzimodzi kwa zaka khumi ndi chimodzi. Mwezi uliwonse ankazungulira mashedi 23 momwe alimi ang'onoang'ono amagulitsira masamba ku esiteti, n'kupachika zitsulo zawo zoyezera pa sikelo kalaliki asanayambe kugula. Pomwe ankayamba mu 2013, masikelo ambiri ankadya kilo imodzi pa dengu lililonse, ndipo analipiritsa chindapusa mpaka dzanja kutopa ndi kulemba. Pofika 2019 makalaliki anagonja. Kuyambira apo a Reinford sanagwirenso munthu.

Tsiku limenelo nalonso sikelo inaloza pa makilo 20 penipeni, kulemera kwenikweni kwa zitsulozo. Mayi Miriam, tcheya wa kalabu ya alimi, anawomba m'manja pang'ono monga ankachitira mwezi ndi mwezi. Mlendo analemba.

Ali pansi pa mthunzi, mayi Chawanangwa anaonetsa a Reinford fomu. Inali ndi mizere iwiri yokha: zomwe ofesi imabweretsa ku boma, ndi zomwe imawononga pa mafuta ndi malipiro. Mzere wa chindapusa unali wopanda kanthu kwa zaka zisanu. A Reinford anafotokoza kuti mzerewo uli mbee chifukwa iwo sajomba, kuti kalaliki amene akudziwa kuti zitsulo zikubwera sagwira sipuling'i ya sikelo. Mayiwo anamva zonse osawadula. Anali atayenda kale maboma asanu ndi anayi, ndipo maso awo ankaoneka a munthu amene wamva mawu amenewa kambirimbiri. Anati fomu ilibe malo olembapo zomwe sizinabedwe.

"Mnzanu wina amapita kamodzi pachaka, amagwira ambiri, ndiye ofesi yake ipulumuka," anatero motsitsa mawu. "Inuyo bambo mwakonza mpaka mwadzichotsa ntchito."

A Reinford anabweza zitsulo m'bokosi chimodzichimodzi.

Kalata inafika pa 28 Juni. Ofesi itsekedwa kumapeto kwa Julayi, zitsulo zibwezedwe, woyeza azichokera ku Blantyre kamodzi pachaka, ndipo a Reinford asamutsidwira ku stolo ya boma.

Pa ulendo wawo womaliza anauza mayi Miriam kuti abweretse chigubu cha malita 20 chodzaza madzi mpaka pakhosi. Anayamba ayesa sikelo ndi zitsulo, kenako anapachika chigubucho. Chinaloza pa 21. Analemba nambalayo pa chigubu ndi penti yofiira, pamodzi ndi tsiku.

"Muzichipachika musanatsitse madengu. Chikaloza pansi pa 21, sikelo yakhudzidwa."

Mayi Miriam anafunsa chomwe iwo adzachite ngati kalaliki adzakana. A Reinford anayang'ana kalaliki, amene anali kuseka chamumtima uku akusongola pensulo. Anayankha zoona: chigubu chilibe chidindo cha boma, ndipo palibe lamulo lomukakamiza.

Mayiwo anasenza chigubu chawo n'kukaima nacho kutsogolo kwa mzere. A Reinford anamangirira bokosi pa njinga. Kunali kutatsala mashedi asanu ndi limodzi, ndipo mafuta anali okwana anayi.