Njuchi Pamaliro a Darius

Yoram Nkhoma anakhala pabenchi ya abambo pamaliro a mnansi wake Darius, koma khutu lake linali kuseri kwa mpanda. Kumeneko kunali ming'oma yake iwiri ya njuchi, ndipo umodzi unkalira kulira kumene iye sankakufuna.

Lolemba anali atautsegula. Ogasiti anali akutha, mango ali maluwa okhaokha, njuchi zitadzaza mpaka pakhomo. M'mphepete mwa zisa anapezamo timatumba tisanu tolendewera ngati makoko a mtedza, momwe njuchi zimalerera mfumukazi yatsopano. Tanthauzo lake ankalidziwa: ukachedwa kugawa mng'oma wotere, mfumukazi yakale imasamuka ndi theka la mtundu wake. Anati agawa mawa. Koma madzulo omwewo Darius anagwa m'bafa, ndipo pofika kuchipatala anali atatsirizika. M'komboni ya Chowa munthu sagwira zintchito zake pamene pakhomo pa mnzake akulira, paja maliro n'kulirana. Kotero Yoram anapachika chofukizira utsi chake, nakakhala pabenchi masiku atatu.

Chinkamuopsa si mbola ayi, koma pakamwa pake pomwe. Chaka chatha Darius, atalumidwa pakhosi, anafuula pampanda kuti njuchizo zidzapha munthu. Yoram, munthu wosachedwa kupsa mtima, anayankha msewu wonse ukumva kuti, "Njuchi zanga ziziba wamene azilakwira." Mawu ngati amenewo anthu amawasunga, ndipo amawafukula tsiku la maliro.

Tsiku loika maliro, cha m'ma teni, dzuwa litayamba kuluma, galimoto inabwera ndi thupi. Anaika bokosi pansi pa mtengo wa mango, amayi a Chigwirizano akuimba mwakachetechete. Abusa atangotsegula Baibulo, kulira kuja kunakwera pamwamba pa nyimbo.

Njuchi zinatuluka. Zinadutsa mpanda ngati utsi wa matayala, n'kuyamba kuzungulira pamwamba pa anthu. Amayi anafunda zitenje kumutu, mipando inagwa, wina anaitana Yesu katatu konse. Kenako chimtambo chija chinatsika pang'onopang'ono n'kuunjikana panthambi, chimtolo chakuda cholendewera, ndendende pamwamba pa bokosi la Darius.

"Mwaona manje?" anatero Zacheus, mng'ono wa malemu, osatsitsa ndi mawu omwe. "Zabwela kuona ngati nchito yasila."

Palibe anamuletsa. Yoram anabadwira m'Kabwe muno, bambo ake anasiya mphamvu zawo mumgodi wa m'tauni yomweyi, koma anadziwa kuti dzina la ufiti likakumata, zaka makumi asanu za unansi zimatha m'mawa umodzi. Anapita kukagwada patsogolo pa Fridah, mkazi wa malemu, amene anakhala pamphasa maso atatupa.

"Amake Sandra, nilekeni nizichose. Sizizaluma munthu, zakhuta uchi. Koma banthu asathamange."

Fridah sanamuyang'ane. "Chosani vinthu vanu, ba Nkhoma. Bamuna banga bapumule."

Anathamangira kwawo n'kubwera ndi katoni yaikulu. Chipewa chake cha neti anachisiya dala, poganiza kuti akabwera atadziphimba pakati pa anthu osadziphimba, aoneka ngati wodzikonda. Amuna anayi anasuntha bokosi la maliro. Iye anakwera pampando, natchera katoni kunsi kwa nthambi, n'kuigwedeza kamodzi mwamphamvu. Mtolo wonse unagwera m'katimo kuti khu! Zotsala anazikokolola ndi manja. Zinamuyenda m'mikono, m'khosi, mpaka m'ndevu, koma sizinamulume n'imodzi yomwe, popeza njuchi zapaulendo zilibe nyumba yoti ziteteze.

Anaika katoni pansi. Pakamphindi njuchi zina zinaima pakhomo pake zikukupiza mapiko, kuitana zinzake, ndipo anadziwa kuti mfumukazi yalowa. Anapuma. Anatukula maso kuti aone nkhope zothokoza.

Anthu anali atabwerera m'mbuyo, onse, kumusiya yekha pakati pa bwalo.

"Onani, sizimuluma," mayi wina ananong'ona.

"Zingalume bwanji mwine wake?" anatero Zacheus. "Ni bana bake aba."

Apo m'pamene Yoram anachita mantha enieni, oposa a masiku atatu aja. Anaona kuti luso lake ndilo lamupereka. Kufotokoza za uchi wam'mimba mwa njuchi kukanangokhala kuthira madzi pamsana pa bakha. Ngakhale abusa ankayang'ana manja ake opanda chotupa, Baibulo atalikumbatira pachifuwa.

Njuchi imodzi yotsalira inkayenda patsaya lake, kukwera cha kudiso. Ankamva timiyendo take. Anayamba watseka katoni bwinobwino, kuopa kuti fungo la mbola lingautse zinzake. Kenako anatukula dzanja ngati akupukuta thukuta, n'kuikanikiza njuchi ija patsayapo.

Moto unamulowa pansi pa diso. Anakuwa ndithu, kukuwa kosanamizira, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Asanafike ndi katoni pampanda, diso linali litayamba kutsekeka, tsaya likukwera ngati mtanda wa zitumbuwa.

Wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira msanga pokumbukira kuti ali pamaliro. Mayi wonong'ona uja anati, "Iye, zamuluma! Mupaseni madzi, mwebanthu."

Yoram atasiya katoni pamthunzi kwawo n'kubwerera, Fridah anamukodola. Anagwada. Mayiyo anamugwira chibwano, nachotsa mbola ija ndi chikhadabo, anthu onse akuona.

"Ba Darius bakanaona, sembe baseka maningi," anatero motsitsa mawu. "Nkhalani pansi, ba Nkhoma."

Abambo anamusunthira malo pabenchi, ndipo nyimbo inayambiranso pamene inalekera. Yoram anakhala, akuona maliro ndi diso limodzi. Dzanja lake lamanja linali chifumbatire. M'katimo munali kanjuchi kaja, katapindika, kadakali kofunda. Zaka khumi ndi ziwiri akuweta njuchi, aka kanali koyamba kukapha dala.