Chipinda cha Kuseri kwa Mabini

Nditapuma pantchito ya uphunzitsi ndinalowa kagulu kofufuza malo akale obisika mumzinda wathu wa Lyon. Loweruka lililonse wina ankabwera ndi chomwe wapeza. Ine miyezi isanu inatha ndili chimanjamanja, mpaka Ghislaine, mtsogoleri wathu, anayamba kundinyogodola.

"Odile, iwe kuno umangodzera khofi eti?"

Tsiku lina masana mvula inandithamangitsira m'kanjira kodutsa mkati mwa nyumba za paphiri la Croix-Rousse. Kuseri kwa mabini kunali kachitseko kosatseka bwino. Nditasuzumira ndinaona makina amatabwa owombera nsalu za silika, otalika kufika kudenga. Pambali pake panali matiresi, ndi bambo wina wachikulire akusenda anyezi.

"Lowani mayi, munyowa."

Dzina lawo anali a Firmin, ndipo ine ndinawauza kuti ndinali mphunzitsi. Makinawo anali a agogo awo. Akazi awo atamwalira zinthu zinawasokonekera, ndipo kwa zaka zinayi ankagona m'menemo mwini nyumba osadziwa. Anandionetsa makadi obowolabowola otulutsira maluwa pansalu, kenako anaponda chopondera kuti ndimve kulira kwake.

"Jambulani ngati mukufuna, koma musauze munthu kuti ndi pati."

Ndinalonjeza.

Loweruka ndinaonetsa zithunzizo kugulu. Onse anangoti kukamwa yasa, kupatula Ghislaine.

"Izi wajambula m'buku iwe. Ngati n'zoona, tchula msewu."

Ndinatchula msewu, ndi nambala yomwe. Palibe anandigwira pakhosi.

Ghislaine anaika zonse pa intaneti. Pasanathe masabata awiri anthu anali akuima pamzere pamabini paja, makamera m'manja. Mwini nyumba atamva anatulutsa makinawo, pakhomo n'kuikapo chitseko chachitsulo.

A Firmin ndinawaona mu Januwale, ali pamzere wolandira supu pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ndinafuna kuwoloka msewu koma anali atandiona kale.

"Aphunzitsi. Anzanu aja zinawasangalatsa?"

Sanafunse mokwiya, ndipo chimenecho n'chomwe chinandipweteka kwambiri. Ndinayamba kufotokoza kuti anaika pa intaneti si ine, koma ndinalekeza n'kunena zoona.

"Pepani, bambo. Ndinaulula ndine."

"Ndikudziwa. Simunali ambiri amene munalowamo." Anapemerera m'manja mwawo. "Pano ndikugona kuholo ya tchalitchi, tilimo anthu makumi atatu. Mkonono wake ngati sitima ya panjanji. Komatu inu odziwa anthu, mukawauze asaike makina aja pachinyontho. Matabwa ake apindika."

Ndinaimba foni kwa mwini nyumba kanayi. Mlembi wake anati makinawo anagulitsidwa, koma sakudziwa kwa ndani. Sabata yotsatira ndinapita kusiteshoni kuti ndikawauze a Firmin. Ndinaima patsidya kuwayang'ana akulandira supu, kenako ndinakwera basi kubwerera kunyumba.