Mkanda Umene Sunamire

Nunzia anathira mchere wambiri m'mbale ya madzi, natakasa mpaka wonse utasungunuka. Mchimwene wake Saro anaima pakhomo la khitchini pamodzi ndi mkazi wake Remedios, wa ku Spain uja.

"Achemwali, bambo tawaika m'manda dzana lomweli," anatero Saro. "Zimenezi n'za lero?"

"Kolona ya bambo iyi ndinkaigwira ndili mwana. Inali yopepuka, yofunda m'manja. Tsopano ikulemera, ikuzizira. Alipo wasintha mikanda." Maso a Nunzia anali pa mlamu wake, amene anawadwazika malemuwo m'masiku omaliza.

Bambo Agatino anali mphunzitsi wa Chilatini ndiponso mtsogoleri wa kwaya ya parishi ku Catania, m'dziko la Italy. Mikanda ya kolonayo inali ya ambra, utomoni wa mitengo yakalekale wouma ngati mwala, umene ankatola okha pagombe mkuntho ukadutsa. Ambra weniweni amayandama m'madzi a mchere, galasi limamira.

Nunzia anadula ulusi. Mikanda inagwera m'mbale ndi kumira yonse, kupatula umodzi.

"Mlamu, tiuzeni. Mwaipititsa kuti?"

Remedios anamasula batani la pakhosi, natulutsa kaunyolo kokhala ndi mkanda umodzi wachikasu.

"Si ndinanena ine!" anatero Nunzia.

"Bambo anandipatsa okha tsiku la ukwati, inu nonse mutandikwinyira nkhope ngati ndadzera nyumbayi. Anandiuza kuti ndiimbe nyimbo ya kwathu. Nditamaliza anati, 'Kuimba inu mumati cantar, ife cantare. Mayi wa zinenero zathuzi ndi mmodzi, Chilatini. Ndiye mlendo ndani pano?' Aliyense amene anaimba pamaso pawo ankamupatsa mkanda wake, iwo n'kubwezerapo galasi. Kutchalitchi dzana simunaone m'makosi mwa anthu?"

Nunzia anaona ndithu: wogulitsa nsomba, dokotala wa mano, ngakhale wometa wachibwibwi uja. Koma panthawiyo mtima wake unali pa makiyi a kabati ya malemuwo.

"Nanga wotsalawu?" anafunsa Saro.

"Ankati mwini wake anasiya kuimba ali mtsikana, iwo atamukalipira pagulu. Ankamudikirabe."

Saro anatembenuka, nayang'ana mchemwali wake. Nunzia anavuula mkandawo, naupukuta pamkono wa diresi lake lakuda mpaka utafunda, monga ankachitira bambo ake asanayambitse nyimbo. Anaufikitsa pamphuno. Unkanunkhira paini.