Mfuti Yasankha Yokha

Tsiku lomwe chilolezo cha mfuti chinafika kuchokera kupolisi, Vainess Kalekeni anavina yekha m'khitchini ya nyumba yawo ku Shawlands, mumzinda wa Glasgow, mpaka mayi wokhala m'nyumba ya pansi anagogoda kudenga ndi mpini wa tsache. Anali atadikira miyezi isanu ndi iwiri. Wapolisi anali atabwera kawiri konse kudzagwedeza kabati yachitsulo yomwe anaikhomera kukhoma, kuona ngati wakuba angaizule.

Vainess anali injiniya wa zamadzi, ndipo ntchito inkamupititsa kumapiri a kumpoto kwa Glasgow komwe kuli madamu. Kumeneko ankaona mitengo yongobzala kumene m'mbali mwa mitsinje itadyedwa ndi agwape, kutsala timitengo tokhatokha. Agwapewo anali atachulukitsa, ndipo panali gulu la alenje ovomerezeka lomwe linkawachepetsa chaka ndi chaka. Mtima wake unali pa kulowa m'gululo. Chotsala chinali mayeso owombera: zipolopolo zitatu zinayenera kulowa m'kabwalo kochepa ngati chikhatho, pa mtunda wa mamita zana.

Mfuti anagula. Koma za zipolopolo ndi zomwe zinabutsa mkangano m'sitolo.

Mwamuna wake, a Eneya, munthu wa zamakompyuta komanso mkulu wa mpingo, anali asanagwirepo mfuti chibadwire, koma maganizo anali nawo ambiri. Ataona kabokosi kagolide kali pakokha m'galasi, anakaloza ndi chala.

“Amake Flora, tengani izo. Chinthu chikakwera mtengo chonchi, ndiye kuti eni ake anachikhalira pansi. Musakachite manyazi pamaso pa azungu chifukwa choumira.”

“Abambo a Flora, a Rowland anati nditenge mitundu itatu, ndikaiyese kaye.”

“Ndiye zagolidezi zikhale zoyamba. Zinazo mungoperekeza nazo.”

Vainess anaseka, natenga bokosi lagolide, lina lobiriwira la mtengo wapakati, ndi lina lotuwa lotsika mtengo kwambiri.

A Rowland anali mkulu wa ku Scotland komweko, yemwe anagwira ntchito ya zankhalango zaka makumi anayi, ndipo tsopano ankaphunzitsa anthu kuwombera ku kalabu ina kunja kwa mzinda. Loweruka mmawa anawalandira pachipata mvula ikuwaza, chipewa chili chonyowa.

“Mfuti zili ngati anthu pa ndiwo,” anatero m'Chingerezi chawo cholemera, uku akukhoma mapepala atatu a chandamale. “Ziwiri zochokera fakitale imodzi, ina ikonda izi, ina izikana. Ife sitisankha. Tiifunsa mfutiyo.”

Vainess anagona chamimba pa mphasa yalabala, navala zotseka m'makutu. Mtima unkagunda mpaka ankaumva pa tsaya lomwe linatsamira mfuti. Anayamba ndi zagolide. Anapuma, natulutsa mpweya pang'ono, nakoka. Phaa! Kasanu konse. A Eneya, omwe anaimirira kumbuyo kwa chingwe atafunda jekete ziwiri, anawomba m'manja asanaone n'komwe pepala.

Atapita kukaona, mabowo asanu anali balala, lina uku lina uko, moti ngakhale sosala sikanawaphimba onse.

Vainess anatembenukira kwa a Rowland. “Ndine ndalakwitsa,” anatero. “Dzanja langa likunjenjemera.”

“Mwina,” anayankha a Rowland. “Tidziwa posachedwa. Isiyeni mfuti izizire.”

Kudikirako kunali ngati chaka. Kenako zotuwa: zitatu zinagwa pamodzi bwinobwino, koma ziwiri zinathawira m'mbali ngati zakumbukira ulendo wina. A Rowland anagwedeza mutu. Anati zipolopolo zotere n'zoopsa kuposa zoipa zenizeni, chifukwa zimakunamiza katatu n'kukutaya kachinayi, ndipo kuphiri zimenezo zitanthauza gwape wovulala akuthawa ndi ululu.

Zinatsala zobiriwira. Vainess anawombera choyamba, chachiwiri, chachitatu. Poyang'ana m'galasi la mfuti anangoona bowo limodzi, ndipo anaganiza kuti zina zaphonya pepala lonse. Anamaliza ziwiri zotsalazo mtima uli m'mwamba.

A Rowland atanena kuti njira yatseguka, Vainess sanayende, anathamanga, nsapato zikumira m'matope. Atafika anakuwa.

“Abambo a Flora! Bwerani mudzaone! Mayo ine, bwerani!”

Mabowo onse asanu anali atalumikizana, kupanga bowo limodzi long'ambika m'mbali. A Rowland anatulutsa khobidi m'thumba, naliika pamwamba pake. Linaphimba onse.

A Eneya anafika ali wefuwefu, nayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakanda kuchibwano.

“Ayi, apa pali chinyengo. Pomwe mumafika pa zobiriwirazi dzanja linali litazolowera. Zanga zija munaziwombera muli ndi mantha.”

Vainess anafuna kuyankha, koma a Rowland, atamasuliridwa mawuwo, anaseka mpaka kutsokomola. Anati bamboyo wanena zanzeru kuposa alenje ambiri omwe anawaphunzitsapo. Tsono anakhoma mapepala awiri atsopano. Ulendo uno iwo eni ndi amene ankaika zipolopolo m'mfuti Vainess atatembenukira kumbali, kuti asadziwe mtundu womwe akuwombera. A Eneya ndiwo anasankha zoyambira, mowanong'oneza a Rowland kukhutu.

Pepala loyamba, mabowo pamodzi ngati nyerere pa shuga. Lachiwiri, balala.

“Tauzeni,” anatero Vainess, manja ali m'chiuno. “Loyambali ndi la ziti?”

A Eneya anayang'ana kumwamba, nayang'ana pansi, kenako chiseko chinawaphulika. “Zobiriwira! Ndagonja, amake Flora, ndagonja! Mfuti yanuyi ndi ya kwathu ndithu, siikonda zamatama!”

Kuchokera pamenepo iwo ndiwo anasanduka mwini chimwemwe. Anajambula pepalalo kangapo, natumiza zithunzizo kwa akulu a mpingo anzawo. Ali mkati motero, a Rowland anatembenuza kabokosi kobiriwira, naloza nambala yaing'ono yodindidwa pa chivundikiro.

“Izi zinapangidwa tsiku limodzi, pa makina amodzi. Bokosi lina lobiriwira la nambala yosiyana likhoza kuwombera mosiyana pang'ono. Ngati kusitolo zilipo za nambala imeneyi, katengeni lero. Loweruka amatseka wani koloko.”

Vainess anayang'ana wotchi. Kunali kutatsala mphindi makumi anayi.

Mfuti inalowa m'chikwama chake, chikwama m'buti, iwo m'galimoto. Vainess ali pa chiwongolero, a Eneya ali pa foni, kumuwerengera mwini sitolo nambala ija kawirikawiri ngati akulengeza nyimbo m'tchalitchi. “Akuti akukayang'ana kumbuyo. Pitani, pitani, koma musapyole liwiro, tili ndi mfuti m'galimoto muno!” Loboti iliyonse inkafiira iwo akangofika. Kenako foni inalankhula, ndipo a Eneya anamenya bondo lawo. “Mabokosi alipo anayi! Akuti atidikira!”

Anapeza mwini sitolo ataimirira pakhomo, makiyi ali m'manja. Anatenga onse anayi.

Patatha masabata awiri, tsiku la mayeso linafika ndi mphepo yochokera kumanzere. Oyesedwa anali asanu ndi anayi, ndipo Vainess yekha ndiye anali mkazi. Mnyamata wamkulu thupi yemwe anawombera patsogolo pake analephera, nachoka akutukwana mphepo. Vainess anagona, nayang'ana udzu wa pafupi ndi chandamale, nadikira kuti uleke kuwerama. Udzu utaima, anakoka. Anadikiranso. Anakoka. Chachitatu chinamutengera nthawi, mpaka woyesa anasuzumira pa wotchi.

Woyesayo anabwera ndi pepala, nalisanjika pa thebulo, nalemba chizindikiro popanda kugwiritsa ntchito rula.

“Mwakhoza, mayi.”

Vainess anathokoza mwaulemu, nayenda pang'onopang'ono mpaka kugalimoto. Atatseka chitseko m'pomwe anaimba nthungululu yekha. A Rowland anagogoda pa windo.

“Lachitatu tikukwera phiri kukasaka agwape, faifi koloko mmawa,” anatero. “Mubwere mutavala sokosi ziwiriziwiri.”