Chigubu cha Dyton

M'mawa uliwonse, asanapite kukagulitsa tomato kumsika wa ku Kanyama, Justina ankamanga mwana wake Dyton ndi chitenje pachitsulo cha pawindo. Dyton sanali kamwana ayi, ndevu zinali zitamera kale. Koma chibadwire ankaphunzira zinthu pang'onopang'ono, ndipo mawu ake anali owerengeka. Justina ankamuikira chakudya pafupi n'kutuluka osacheuka, poti akacheuka misozi inkamuvuta.

Musamuyese mayi wankhanza. Vuto linali kukiyosiki, kumene anthu amagula madzi. Dyton akangopeza mpata ankathamangira kumeneko n'kuyamba kunyamula zigubu za eni ake. Tsiku lina anyamata anamukwapula ndi paipi, amvekere wakuba. Kuyambira pamenepo Justina anati bola chitenje kusiyana ndi maliro.

Koma chitenjecho sichinabweretse mtendere. Dyton ankakoka mpaka mkono kunyuka, ankamenyetsa mutu kukhoma, ndipo madzulo sankafuna n'komwe kuyang'ana mayi ake. Zimenezi n'zimene zinkamupweteka kwambiri Justina.

Loweruka lina kunabwera ba Kalaba, mayi wodzipereka wa kukiliniki amene amayendera mabanja a anthu olumala. Maso awo anagwera pamkono wa Dyton.

"Bamake Dyton, ivi vilonda vachokela kuti?"

"Nimamumanga, ba Kalaba," anatero Justina. "Manje nichite bwanji? Bazanipayila mwana kukiyosiki."

Justina ankadikira kukalipiridwa, koma ba Kalaba anangokoka mpando n'kukhala.

"Sininabwele kukuweluzani. Nifunseko chabe: akatenga vigubu, amavipeleka kuti?"

"Kaya. Bantu bakamba ati amatenga."

"Imwe munamuonapo na menso yanu?"

Justina anali asanamuonepo. Zonse ankangomvera kwa anthu, ndipo tikudziwa kuti nkhani ya mukomboni ikadutsa pakamwa pawiri imakhala itanenepa.

"Muntu wamene sakamba maningi amakamba na vochita," anatero ba Kalaba. "Ngati mwamumanga, mwamuvala pakamwa, sangakambe. Mailo timumasule, tiyende naye, titambe chabe, tione vamene azachita."

Kutacha anapita onse atatu kukiyosiki. Pakiyosiki zigubu zinali mbwee, aliyense akufuna kudumpha mnzake. Dyton anatola chigubu chimodzi n'kuchiika kumbuyo kwa chinzake. Anatola china, kenako chinanso, zogwirira zonse kuloza mbali imodzi, mpaka mzere unawongoka. Sanathawe nacho ngakhale chimodzi. Atamaliza anaima, nayang'ana uku ndi uku ngati akufuna munthu.

"Tate," anatero motsitsa.

Justina anagwira pakamwa. Malemu mwamuna wake, Nason, ankakankha wilibala kuperekera anthu madzi m'nyumba zawo, ndipo Dyton ankapita naye. Ntchito ya Dyton inali yomweyi, kufoletsa zigubu. Chichitikireni maliro, panalibe amene anaganizako zomutenganso.

"Mayo ine," analira Justina. "Kansi mwana afuna nchito yake, ine nili kumumanga!"

Ba Mwiche, mayi wogulitsa madzi pakiyosikipo, anachita manyazi. "Ise tenze kuganiza ati ni kawalala, afuna kuba vigubu," anatero. "Muzimuleta kuno kuseni, kukangocha, azinkala na ine. Wamene azamugwila azaonana na ine."

Anagwirizana zochita. Justina anapatsa Dyton chigubu chakechake, chomanga ulusi wofiira. Ba Kalaba anamuphunzitsa kuti akafuna kupita kumadzi azigogoda chigubucho, ndipo akagogoda mayi ake azimuyankha msanga ndi kumuyamikira. M'mawa ankakhala kwa ba Mwiche, masana mayi ake n'kudzamutenga.

Sikuti zonse zinangoyenda myaa. Tsiku lina magetsi atazima, madzi sanatuluke, kiyosiki n'kutsekedwa. Dyton anagogoda chigubu, anagogodanso, ndipo ataona kuti sakupita anayamba kukuwa ndi kumenyetsa mutu. Dzanja la Justina linapita lokha pachitenje. Anachigwira ndithu, koma anakumbukira zilonda zija n'kuchisiya. Anaika pilo pakati pa mutu ndi khoma, nakhala pambali pake akulankhula motsitsa mawu.

"Nakumvela, mwana wanga. Tiye ukaone weka."

Dyton atadekha pang'ono, Justina anapita naye kukiyosiki. Ba Mwiche anamutsegulira mpopi, osatuluka ngakhale dontho. Dyton anasuzumira, nagwedeza mutu.

"Kulibe," anatero, n'kugwira dzanja la mayi ake kubwerera kunyumba.

Lero anthu a pakiyosiki amamuitana ba kapitao. Wofuna kudumpha mzere amapeza chigubu chake chabwezedwa kumbuyo, anzake n'kumuseka. Zilonda zinapola, kwangotsala zipsera. Chitenje chija Justina amachipinda kukhala nkhata yosenzera madzi, ndipo amene amamuika nkhatayo pamutu ndi Dyton.

Munthu wolumala akamachita zinthu zovuta, nthawi zambiri pali chimene akufuna kutiuza: ululu, mantha, kapena chinthu chimene akuchisowa. Kumumanga kapena kumutsekera kumamuvulaza ndipo kumawonjezera vuto. Tiyambe taona chimene chimayambitsa, timuphunzitse njira ina yopemphera, timuyamikire akachita bwino, ndipo tipemphe thandizo kukiliniki ndi kwa oyandikana nawo. Dyton sanafunikire chomangira. Anafunikira munthu womumvetsa.